Dzanja Lamanzere la Ba Zulu

Linali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, nthawi itangopitirira teni koloko m'mawa. Ndinali kusita malaya oyera a mlendo wina wa pahotela pamene Ba Mutinta, kapitawo wathu kochapira zovala, anaima pakhomo n'kundiitana ndi dzina langa la ubatizo. Zaka zonse zimene tinagwira ntchito limodzi ankanditchula amake Misozi, koma tsiku limenelo anati, "Esinati, zimya nsimbi." Ndinazimitsa. Anati, "Ba Zulu bagwa ku nchito. Babapeleka ku chipatala. Vala nsapato, motoka ya ku kicheni izakupeleka." Sindinalire. Ndinakoleka malaya aja bwinobwino kuti asakwinyike, ndinamanga batani lapamwamba, kenaka ndinatuluka. Nsapato ndinaziiwala. Ba Mutinta anandithamangira nazo mpaka pageti.

Ndikulemba izi chifukwa cha inu, Misozi ndi Dalitso, ndiponso chifukwa cha ana anu amene anawadziwa agogo awo aamuna ali pampando basi. Sukulu ndinalekera giredi folo, choncho pamene ndalakwitsa mukonze, koma nkhaniyo musaisinthe. Za ubwana wanga ku Katete ndinakuuzani kale pakamwa. Pano ndiyambira pamene ndinayambira ntchito.

Chaka chimene ndinakwatiwa

Atate anu, Ba Yotamu Zulu, ananditenga ku Katete ine ndisanakwerepo sitima. Panthawiyo ankayendetsa lole yonyamula matabwa, ndipo anali ndi chipinda chimodzi ku Linda, komboni ya mu Livingstone. Patapita miyezi ingapo ndinatopa ndi kukhala pakhomo kuyang'ana msewu, ndipo mayi wina wa kutchalitchi ananditengera kwa Bo Inonge, mayi wachilozi amene anali ndi nyumba yogona alendo kufupi ndi siteshoni ya sitima. Bo Inonge sanandifunse za sukulu. Anandipatsa thawulo lakuda ndi chidutswa cha sopo, n'kukhala pansi kundiyang'ana. Nditamaliza kuchapa, thawulolo sanaliyang'ane, analinunkhiza. "Sopo ikalimo," anatero. "Tsukuluza futi." Ndinatsukuluza mpaka anakhutira, kenaka anati ndibwere mawa. Umo ndi mmene ndinalembedwera ntchito.

Kumeneko tinkachapa ndi manja m'mgolo wodulidwa pakati, ndipo tinkasita ndi nsimbi ya makala. Alendo ambiri anali anthu a malole ndi ogulitsa nsomba zouma, ndipo fungo la nsomba likalowa m'bulangete silituluka msanga. Bo Inonge anali aukali pakamwa koma sankasunga mkwiyo. Tsiku lina khala la moto linagwa kuchokera m'nsimbi n'kuboola nsalu yatsopano ya pabedi. Ndinaganiza kuti ntchito yatha. Iwo anandikalipira m'Chilozi kwa nthawi yaitali, ine osamva ngakhale liwu limodzi, kenaka anatenga singano n'kundionetsa kusoka bowolo kuti lisaoneke. Pamene ndinali ndi pakati pa iwe Misozi, ankandiletsa kunyamula ndowa, n'kumauza anthu kuti ndimataya madzi m'njira, kuti asaoneke ngati akundikondera.

Zaka za kusowa sopo

Bo Inonge atagulitsa nyumba yawo n'kubwerera kwawo ku Mongu, ndinapeza malo pahotela ina yaikulu kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Dzina lake sindilemba, mukulidziwa. Kumeneko ndinaona koyamba makina ochapira, akuluakulu ngati nkhokwe, ndipo ndinakumana ndi Ba Mutinta, mayi wachitonga wa ku Simonga, amene anakhala kapitawo wanga mpaka tsiku limene ndinachoka. Mathithi tinkawamva tsiku lonse, ngati lole imene ikubwera koma siikufika. Madzi akachuluka mu Zambezi, cha m'ma Malichi ndi Epulo, nthunzi ya mathithi inkabwera ndi mphepo n'kunyowetsanso zonse zimene tayanika, dzuwa likuwala. Alendo ankajambula zithunzi n'kumasangalala, ife tikuthamanga kukaanula.

Zinali zaka zimene zinthu zinkasowa m'masitolo. Sopo akabwera, Ba Mutinta ankamudula ndi ulusi tizidutswa topyapyala n'kupatsa aliyense kake m'manja ngati mgonero. Makina ena anawonongeka, chitsulo chake chinachedwa kubwera mpaka tinasiya kufunsa, ndipo tinabwerera kochapa ndi mapazi m'mabafa, titakwinda masiketi, tikuimba nyimbo za kutchalitchi kuti tipondere pamodzi. Manijala wa nthawi imeneyo tinamupatsa dzina loti Kolala, chifukwa akalowa kochapira sankapereka moni, ankangotembenuza kolala ya malaya oyamba amene wawapeza. Atachoka iye kunabwera mayi wina wofatsa amene ankatifunsa za ana athu mmodzimmodzi koma ankaiwala kuitanitsa sitachi. Pa awiriwa sindikudziwa amene anativutitsa kwambiri.

Atate anu nawonso anasiya malole n'kuyamba kuyendetsa kabasi konyamula alendo kupita ku mathithi ndi ku paki ya nyama. Ntchito imeneyo inawayenera, chifukwa anali munthu wolongolola. Chizungu anachiphunzira m'galimoto momwemo, ndipo ankatha kuseketsa ngakhale azungu otopa amene angotsika ndege. Akatsitsa alendo pahotela pathu ankazungulira kuseri n'kusuzumira pazenera la kochapira. "Bwana wa makwinya alipo?" Anzanga ankaseka. Ba Mutinta ankawayankha kuti, "Ba Zulu, chokani apa, muzatidetsela mawindo na nkhani zanu." Iwo ankatukula kolala ya malaya awo n'kunena kuti, "Onani bwino, mu Livingstone yonse kulibe dilaiva wosmati monga ine. Nakwatila hotela." Zinali zoona ndithu, chifukwa malaya awo a sabata yonse ndinkawasita ndekha Lamlungu madzulo n'kuwandanda pa waya kuseri kwa chitseko.

Okutobala uja

Kuchipatala ndinawapeza ali maso, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Anzawo anandiuza kuti anagwa akutsuka kabasi, alendo asanakwere, ndipo mpaka lero ndimathokoza Mulungu kuti sanagwe ali pachiwongolero. Adokotala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha bipi imene atate anu ankakana kukayezetsa. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinali zitafa. Mawu anali atachoka. Munthu amene sankatha kudya osalankhula anatsala ndi liwu limodzi lokha, "iyayi," ndipo ankalinena ngakhale pamene akufuna kuvomera.

Titatuluka m'chipatala, mwini wake wa kabasi kaja anabwera kunyumba ku Linda. Sanali munthu woipa. Anabweretsa shuga ndi mafuta ophikira, anakhala pampando pafupi ndi bedi, n'kulankhula Chizungu pang'onopang'ono akuyang'ana iwe Misozi, amene unali utabwera kuchokera ku Choma sabata imeneyo. Pakati pa mawu ake panali liwu limodzi lalitali limene analinena kawiri: incapacitated. Kalembedwe kake wandithandiza ndiwe pano, koma kamvekedwe kake kanakhala m'khutu mwanga kuyambira tsiku lomwelo. Ine sindinalidziwe. Atate anu analidziwa. Atalimva kachiwiri anadzikoka ndi dzanja lamanzere n'kutembenukira kukhoma, ndipo mlendoyo anatsanzika msana wawo. Nditakufunsa unati, "Amama, akuti sangagwirenso ntchito," n'kuthamangira kukatsuka makapu amene anali oyera kale. Ndinaona kuti wandipatsa theka chabe.

Patapita masiku ndinakumana ndi Ba Sililo pageti la hotela. Iwo ankayenda ndi atate anu m'kabasi kufotokozera alendo za nyama, ndipo kale anagwirapo ntchito yolondera nyama m'paki. Ndinawanenera liwulo mmene ndinkathera. Anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Mulamu, mau aya ni yolema," anatero. "Ise tenze kuyakamba pa njovu. Njovu ikagwiliwa na waya ku mwendo, ba dokota ba nyama bamailasa na nyeleti ya mankhwala kuti baichose uja waya. Ija nyeleti ndiye imaichita incapacitate. Siifa iyayi. Menso yali chabe yotseguka, ipema, imvela vonse vamene muchita. Koma singanyamuke, singachite chilichonse."

"Ndiye ndi liwu la nyama?" ndinafunsa.

"Iyayi, na bantu futi. Matenda yangamuchite muntu, ngozi, olo chipolopolo. Pamakhala chintu chamene chamuchita. Muntu samazichita eka."

"Nanga njovuyo imadzuka?"

"Imauka. Bakailasa nyeleti inangu, pang'ono chabe yaimilila. Apo ni imwe kuthaba."

"Nanga munthu?"

Ba Sililo anavala chipewa chawo n'kuyang'ana kumsewu ngati kukubwera galimoto. Sindinawakakamize. Koma ndinapita kunyumba ndi zimene ananena zija, zoti maso amakhala otsegula ndipo imamva zonse. Kuyambira tsiku limenelo ndinaletsa aliyense kukamba za atate anu pamaso pawo ngati kuti iwo palibe.

Novembala wa chaka chomwecho

Misozi unabwerera ku banja lako ku Choma, Dalitso unali pa maphunziro ku Lusaka, ndipo tinatsala awiri. M'mawa ndinkawasambitsa kusanatenthe, kuwamwetsa phala, kuwaikira botolo la madzi kumanzere, n'kuthamangira basi ya antchito. Masana mayi woyandikana nafe ankasuzumira akapeza mpata. Ndikabwera madzulo ndinkapeza madzi osamwedwa, nkhope ili kukhoma. Kuchipatala anatiuza kuti tiziwayendetsa ziwalo tsiku lililonse, koma ndikawagwira mwendo ankati "iyayi," ndipo iyayi ameneyo anali weniweni. Anayamba kuonda. Wailesi imene ankaikonda, ndikaitsegula ankatseka maso mpaka ndiizimitse.

Mlongo wawo wamkulu, a Tisiyenji, anabwera kuchokera ku Katete osatiuza. Anafika masana ine ndili kuntchito, n'kupeza atate anu ali pansi pa simenti, atagwa pabedi pofuna kufikira ndowa yodzithandizira. Palibe akudziwa kuti anakhalapo nthawi yaitali bwanji. Nditafika madzulo ndinapeza alamu atawasambitsa kale, atakhala pakhonde kundidikira.

"Alamu, khalani pansi," anatero. "Ine sindinabwere kudzakangana. Mlongo wanga mwamusunga zaka zambiri, ananenepa m'manja mwanu, ana mwalera. Koma munthu akafika apa amabwerera kwa eni ake. Kumudzi tilipo ambiri. Wina akapita kumunda, wina atsala. Sadzagona pansi yekha mmene ndamupezera lero."

"Nanga kumudziko akachita chiyani, alamu?"

"Akachita chiyani? Akagona pamphasa pamthunzi, tizikamudyetsa. Mukufuna achitenso chiyani munthu ali chonchi?"

Mwambo wathu mukuudziwa: mwamuna ndi wa kwa amayi ake, ndipo mlongo wake akanena kuti akumutenga, mkazi sangatseke chitseko. Komanso alamu sananame, anawapezadi pansi. Tinalowa kukafunsa eni ake. "Yotamu, ndikutenge kumudzi?" Iwo anati, "Iyayi." "Ndikusiye kuno?" Anatinso, "Iyayi." A Tisiyenji anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti abwerera kukabzala, ndipo Khirisimasi isanafike abwera ndi galimoto ya mwana wawo.

Sabata yomweyo Ba Mutinta anandikokera kuseri kwa makina. "Nipumula pa Disemba," anatero. "Nauza ba manija ati makiyi nipasa iwe, osati bena aba ba mapepala." Kwa munthu wa giredi folo, ukapitawo pahotela ngati imene ija ndinali ndisanaulotepo. Ndikanalola alamu kuwatenga, ndikanalandira makiyi, ndipo palibe akanandinena. Amayi ena a kutchalitchi anandiuza zomwezo, kuti ndiwalole apite, ine ndizitumiza thandizo. Ndinayesa kuganiza motero. Koma ndinkadziwa kuti akakwera galimoto ija sindidzawaonanso ali moyo, chifukwa munthu amene watembenukira kukhoma ku Linda akatembenukiranso kukhoma ku Katete. Kuwasunga mmene ndinkawasungira kunalinso kuwapha pang'onopang'ono. Njira yachitatu sindinkaiona.

Lamlungu lina masana ndinachapa nsalu yathu ya pabedi. Mvula inaopseza, ndipo ndinaianula msanga n'kulowa nayo kuchipinda kukaipinda. Nsalu yaikulu ya pabedi sapinda munthu mmodzi. Kuhotela tinkaima awiri, aliyense atagwira nsonga ziwiri, n'kukokana mpaka nsalu itawongoka, kenaka kuyenda kukakumana pakati, wina n'kulandira nsonga za mnzake. Ndekha ndinali kupanira nsonga ina ndi chibwano, mbali ina ikukwekwereza pansi. Ndinamva, "Iyayi." Sindinatembenuke, poti liwulo ndinali nditalizolowera. "Iyayi! Iyayi!" Nditayang'ana, atate anu anali atatembenuka okha kuchoka kukhoma, dzanja lamanzere atalitambasula, zala zikutseguka ndi kutseka. Ndinawapatsa madzi. Anakankha botolo. Ankafuna nsalu. Ndinawaikira nsonga ziwiri m'dzanja limodzi, ndinabwerera m'mbuyo, n'kukoka pang'ono poopa kuwagwetsa. Iwo anakoka mwamphamvu mpaka ndinadzandira n'kugwira chitseko. Pamenepo ndinamva phokoso limene ndinali ndisanalimve chiyambire Okutobala. Anali kuseka, ndi theka la pakamwa, malovu akutsika. Nsalu ija tinaipinda, ndinaifunyulula mwadala, tinaipindanso. Madzulo amenewo anadya osakakamizidwa.

M'mawa mwake ndinauza Ba Mutinta kuti makiyi apatse wina, ine ndikusiya ntchito.

"Wapenga?" anatero. "Makiyi yali kale m'manja mwako! Uzadya chani? Ba Zulu bazakupakulila nkhani pa mbale? Na nkhani zamene balibe manje!"

"Ndizichapa kunyumba. Iwo azindithandiza kupinda."

"Na makina ya ndani?"

"Ndinayambira mgolo, Ba Mutinta. Mgolo sunandiiwale."

Analankhula zinazake m'Chitonga zimene sindikukhulupirira kuti zinali madalitso, kenaka anapumira m'mwamba. "Mufana wanga ali na ka gesiti hausi mu tauni. Bamachapa monga bakwiya na nsalu. Nizamuuza akupase." Ndinagwira mpaka kutha kwa mwezi. Tsiku lomaliza anzanga anandipatsa nsimbi ya makala yatsopano atamangirira riboni, akuti yoti ndikayambirenso ku giredi yoyamba. Ndinaseka nawo, koma m'basi ndinalira njira yonse mpaka ku Linda. Ntchito ija ndinkaikonda, ndipo musaganize kuti ndinaisiya mopepuka.

Disembala

Kalipentala wina wa pafupi nafe anatikhomera mpando wolimba wokhala ndi poika manja. Kumanja kwake anamangirirako kachitsulo kopanira, konga kamene amapanira matabwa, kuti mpando uzigwira nsonga imene dzanja lakufa silingagwire. Tinauika pansi pa mango pafupi ndi waya woyanikira. M'mawa ndinkawasambitsa, kuwaveka malaya ositidwa, n'kuwatulutsa atandikolowekera dzanja m'khosi. Masiku oyamba ankatopa msanga, nsalu inkawapulumuka, ndipo ina inagwera m'matope n'kuyambiranso kuchapidwa. Koma ndikachedwa kuwatulutsa ankamenya bedi ndi chikhatho.

A Tisiyenji anabwera monga ananenera, ndi galimoto yapikapu, matiresi atayala kale kumbuyo. Anapeza bwalo lonse layera ndi nsalu, mlongo wawo ali pampando akukokana nane.

"Alamu! Mwamusandutsa wantchito mlongo wanga? Munthu wodwala mukumukoketsa nsalu zogonera anthu osawadziwa?"

"Afunseni eni ake, alamu," ndinatero. Ndinkadziwa yankho limene likubwera, lija losathandiza aliyense.

Anagwada patsogolo pa mpando n'kuwagwira bondo. "Yotamu, galimoto yabwera. Matiresi ndayala. Tiye kwathu ukapume."

Atate anu anawayang'ana, n'kuyang'ana dengu limene linali lodzaza nsalu zosapinda. Pakamwa panagwedezeka nthawi yaitali, thukuta likutsika pachipumi. Tonse tinadikira, ngakhale mwana wawo wa alamu amene anali ataimirira ndi makiyi a galimoto. Kenaka anati, "Nchi... nchito." Analoza dengu ndi chibwano, n'kutambasulira mlongo wawo nsonga ya nsalu imene inali m'dzanja lawo.

A Tisiyenji anailandira chifukwa panalibe china choti achite. Ndinawasonyeza poima. Kupinda kwa kuhotela sankakudziwa, ndipo akalakwitsa atate anu ankati, "Iyayi!" Atalakwitsa kachitatu anaponya nsalu paphewa n'kunena kuti, "Ali chigonere anali wofatsa uyu. Mwamudzutsa, wayambanso ukapitawo wake wa ali mwana." Anaseka mpaka kuseka kunasanduka kulira, anakhala pansi pafumbi, mlongo wawo akuwasisita mutu ndi dzanja lamanzere. Anakhala nafe mpaka Khirisimasi itapita. Pokwera galimoto anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, mukatopa mutumize mawu. Sindidzakunenani." Matiresi anabwerera opanda munthu.

Zaka zimene zinatsatira

Sindikufuna kukunamizani kuti anachira. Dzanja lamanja silinabwerere. Mwendo unabwerera pang'ono, moti ankatha kufika pageti ndi ndodo. Mawu anabwerera owerengeka: nchito, tiyi, mvula, Esinati, ndi lina lotukwana limene linkatuluka bwinobwino kuposa onse, makamaka abusa akabwera kudzapemphera. Panali masiku oipa. Kabasi ka alendo kakadutsa pamsewu ankakatsata ndi maso, ndipo tsiku limenelo sankadya. Panalinso masiku amene msana wanga unkakana, ine n'kuwakalipira popanda chifukwa, iwo n'kumangondiyang'ana. Mawu kwa alamu sindinatumize, koma kuwaganizira ndinawaganizira kangapo.

Ntchito yokha inakula. Mng'ono wawo wa Ba Mutinta anauza mnzake, mnzakeyo anauzanso wina. Atate anu ankapinda nsalu, ankasanja matawulo, ankayang'anira mitambo n'kufuula "mvula" ine ndili kuseri, ndipo magetsi akazima ankakupiza makala a nsimbi ndi chivindikiro cha poto. Anthu obwera kudzatenga zovala anazolowera kupereka moni kwa iwo poyamba. Dalitso ukukumbukira kuti utabwera patchuthi unafuna kuwalanda nsalu kuti apume, ndipo anakumenya ndi ndodo pa mwendo.

Tsiku lina Ba Sililo anabwera kudzationa, n'kupeza tikukokana. Anaima pageti akugwedeza mutu. "Ba mudala, bakulasani nyeleti ya bwanji imwe?" Atate anu anandiloza ndi chibwano, ndipo Ba Sililo anaseka mpaka anagwira geti. Atapita ndinaganiziranso za liwu lija la Chizungu. Silinaname. Sitiroko inawachitadi zimenezo, ndipo chiwongolero sanachigwirenso. Koma liwulo limanena zimene matenda amuchita munthu n'kuthera pomwepo. Zimene zatsala silinena. Zimenezo amafufuza ndi a pakhomo, ndipo nthawi zina wodwalayo ndiye amayamba kuzipeza, ngati pali wina pafupi woti aone.

Tinakhala motero zaka zisanu ndi zinayi. Sitiroko yachiwiri inabwera m'nyengo yozizira, m'mawa, akumwa tiyi, ndipo anatisiya kuchipatala patapita masiku ochepa, inu nonse mulipo. Abale ena ananena kuti thupi lipite ku Katete monga mwa mwambo. A Tisiyenji, amene panthawiyo ankayendera ndodo nawonso, anaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti, "Ndinabwerapo ndi galimoto, anakana pamaso panga. Muikeni kuno, kuntchito kwake." Tinawaika kuno.

Tsopano

Kuchapa ndinasiya chaka chotsatira. Nyamakazi inalowa m'zala, ndipo inu munandiumiriza kuti ndipume. Miyezi yoyamba ndinkadzuka m'mawa osadziwa kolowera. Kenaka mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu, Bina Choolwe, anabwera kudzandiuza kuti apongozi ake agwa ndi matenda omwewo, sakudya, sakufuna kuona munthu. Ankafuna ndimuphunzitse kusambitsa ndi kutembenuza wodwala. Ndinamuphunzitsa, kenaka ndinamufunsa kuti mayiwo ankagwira ntchito yanji asanagwe. Anati ankagulitsa nyemba pamsika. Ulendo wotsatira ndinatenga lichero la nyemba zosasankha n'kuwaikira pamiyendo. Analitaya pansi. Tinatola. Sabata yotsatira analitayanso. Sabata ina ndinayamba kusankha ndekha pafupi nawo, ndikusiya timiyala mwadala, ndipo sanapirire. Anatambasula dzanja n'kuchotsa kamwala kamene ndinakadumpha, akundiyang'ana ngati ndine chitsiru.

Nyumba zotere ndili nazo zitatu tsopano kuno ku Linda. Kwina ndimanyamula nyemba, kwina ulusi woti akulunge, kwina mtedza woti aswe. Lachitatu ndi Loweruka ndimadzuka, kumwa tiyi, kutseka chitseko, n'kupita kumeneko.